Lipoti: ming'alu yochedwa pa mphete za chitsulo cha 4140 zowotchereredwa pa mkono wa makina okumba

Chimene chinachitika

Mkono wa makina okumba nthaka unali utadyeka pa mabowo olowa pini yogwira baketi. Eni ake anadula mbali zodyekazo n'kuwotchererapo mphete ziwiri zatsopano zochita kusema pa makina. Khoma la mphete iliyonse linali lokhuthala pafupifupi mamilimita 50, pomwe mapuleti a mkonowo anali a mamilimita 25. Ntchito itatha, a foromani anaiyang'ana ndi maso n'kuivomereza, ndipo kunena zoona panalibe chokanira: mizere inali yosalala, yofanana, yopanda timabowo.

Mkonowo unali usanabwezedwe pa makina ndipo unali usananyamule kanthu, pamene wopaka penti anaona kamzere kopyapyala m'mphepete mwa chowotchereracho pa mphete imodzi. Dzulo lake kamzereko panalibe. Apa m'pamene ndinaitanidwa kuti ndinene chimene chachititsa, ndiponso ngati ntchitoyo ingapulumuke.

Eni makina anali atagamula kale mlandu: ankati mmisiri alibe dzanja. Ine sindinagwirizane nazo, chifukwa cha malo amene mng'aluwo unali. Sunadutse pakati pa chowotcherera. Unayenda m'mbali mwake, kumbali ya mphete kokha, m'chitsulo chimene sichinasungunuke n'komwe. Kumbali ya puleti kunali bwinobwino. Dzanja lomwelo, rodi yomweyo, moto womwewo, koma mbali imodzi yang'aluka ina ayi. Zikatere, funso limachoka pa munthu n'kupita pa chitsulo.

Zimene ndinapeza

Nditawafunsa amisiriwo kuti mphetezo zinali za chitsulo chanji, anayankha kuti anangopatsidwa, ndipo ankaziyesa chitsulo wamba monga cha mapuletiwo. Chikalata chochokera kwa ogulitsa chinasonyeza zina: 42CrMo4, chimene ena amachidziwa kuti 4140 kapena EN19, choumitsidwa m'mafuta kenako n'kufewetsedwa pa 620°C. Amene anaitanitsa anachisankha dala kuti bowo lisadyekenso msanga. Maganizo abwino, koma uthengawo sunafike kwa wogwira moto.

Zina zinatuluka pocheza. Sanatenthetse chitsulo asanayambe. Mzere woyamba anauyika ndi rodi ya E6013 chifukwa imayaka mosavuta, kenako anadzaza ndi rodi ya E7018 ya m'paketi yomwe inali yotsegula kwa nthawi yaitali pa shelefu. Mphete zinabwera zili ndi mafuta osemera, ndipo anangozipukuta ndi kansalu. Timfundo togwirizira tinali tating'ono kwambiri, toikidwa pa chitsulo chozizira. Amisiriwo anatsindika kuti sanathirepo madzi, ndipo ndinawakhulupirira. Vuto n'lakuti chitsulo chokhuthala chotere sichifuna madzi kuti chizizire mwadzidzidzi. Chimadziziziritsa chokha, chifukwa kutentha kwa kamzere kakang'ono kumamwedwa nthawi yomweyo ndi chitsulo chozizira chomwe chakazungulira.

Tinayeza ndi maginito ndi ufa wake. Mng'alu unapezeka kuti ndi wautali kuposa umene maso ankaona, ndipo mphete yachiwiri, imene aliyense ankati ili bwino, inasonyeza timing'alu tifupitifupi pamalo a timfundo togwirizira tija. Tinadula kachidutswa modutsa chowotcherera, n'kukasalaza, n'kukapaka nital, ndiye kuti asidi wa nitric pang'ono wosakaniza mu alcohol. Kunaoneka kachigawo kakuda pansi pa chowotcherera, kochepa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo mng'alu unkayenda m'menemo, kuchokera m'mphepete n'kulowa pansi. Kachigawo kameneka ndi kamene timati HAZ: chitsulo chimene sichinasungunuke koma chinasinthidwa ndi kutentha.

Tupa inanena zoona chida choyezera chisanafike. Pa thupi la mphete inkadya bwino, koma itafika pa kachigawo kaja inkangotsetsereka. Choyezera chinatsimikiza: thupi la mphete linali cha m'ma 30 HRC, monga chikalata chinanenera, pomwe HAZ inapitirira 50 HRC, kapena kuti kupitirira 500 HV (HRC ndi HV ndi miyezo ya kuuma kwa chitsulo). Malire amene ambiri timayendera pofuna kupewa ming'alu ya mtundu uwu ndi 350 HV. Kumbali ya puleti, HAZ sinafike pa malirewo.

Ndinatsegula mng'aluwo kuti ndione nkhope yake. Ukanakhala wa kutopa kwa chitsulo, pakanaoneka mizere yozungulira yosonyeza kuti unkakula pang'onopang'ono, komanso mkonowo unali usanagwire ntchito. Ukanakhala wobwera chitsulo chikuundana, ukanadutsa pakati penipeni pa mzere ndipo ukanaoneka rodi itangochoka. Kusagwirana kwa chowotcherera ndi mphete sikunaoneke. Chinatsala ndi chimodzi: mng'alu wa haidrojeni, umene umabwera chitsulo chitazizira kale, nthawi zina patapita maola ambiri kapena masiku.

Chifukwa chake mphete inauma, puleti ayi

Chitsulo cha steel ndi ayironi wosakanizidwa ndi kaboni pang'ono, osapitirira pafupifupi 2 peresenti. Pozizira, ayironi amakhala m'kaumbidwe kotchedwa ferrite, komwe sikasunga kaboni wochuluka: 0.02 peresenti basi ngakhale katatentha. Kaboni wotsalayo amakhala padera m'timizere ta carbide (kaboni wogwirana ndi ayironi), tosanjikizana ndi ferrite, ndipo chosanjikizanacho ndicho pearlite. Chitsulo chikapitirira 727°C, kaumbidweka kamayamba kusanduka austenite, ndipo austenite amameza kaboni yense. Kwa chitsulo cha kaboni 0.4 peresenti kusinthaku kumatha cha m'ma 800°C. Poti ayironi amasungunuka pa 1538°C, n'zoonekeratu kuti pafupi ndi chithaphwi cha chitsulo chosungunuka pamakhala kachigawo kamene kadutsa malire onsewa. Aliyense wowotcherera amaphika chitsulo chake mwanjira imeneyi, adziwe asadziwe.

Nkhani yagona pobwerera. Austenite akamazizira pang'onopang'ono, kaboni amapeza nthawi yotuluka, ndipo ferrite ndi pearlite zimabwereranso, zofewa ndi zopindika. Akazizira mwachangu, kaboni amatsekeredwa m'kati, kaumbidwe kamapotoka, n'kukhala martensite. Martensite wa kaboni 0.4 peresenti amatha kufika 55 HRC ndi kupitirirapo, koma asanafewetsedwe amasweka ngati galasi. Kaboni ndiye amalamula kuti martensite aume kufika pati. Chromium, molybdenum ndi manganese ntchito yawo ndi ina: amachedwetsa kubwerera kwa ferrite ndi pearlite, moti ngakhale kuzizira kosathamanga kwenikweni kumabalabe martensite. Ndi chifukwa chake 4140 imauma m'mafuta mpaka m'kati, ndipo ndi chifukwa chomwecho imavuta pa moto wa rodi.

Pali masamu achidule amene akanachenjeza aliyense ntchito isanayambe, otchedwa carbon equivalent. Mumatenga kaboni, n'kuonjezera manganese wogawidwa ndi 6, n'kuonjezera chromium, molybdenum ndi vanadium pamodzi zogawidwa ndi 5, n'kuonjezera nickel ndi kopa zogawidwa ndi 15. Pa 4140 ya masiku onse, kaboni ali cha pa 0.40, manganese 0.85, chromium 0.95, molybdenum 0.20. Yankho limatuluka 0.77. Mapuleti a mkonowo anali a chitsulo wamba cha S355, chimene pa kukhuthala kotere muyezo wake sulola kupitirira 0.45. Chitsulo chochepera 0.40 nthawi zambiri chimakhululuka. Kupitirira 0.45 muyenera kuyamba kuganiza zotenthetsa. Pa 0.77, ndi khoma la mamilimita 50, palibe zokambirana.

Kuuma kokha sikung'alula chitsulo. Pamafunika zinthu zinayi zikumane: chitsulo chouma, haidrojeni, kukokana kwa m'kati, ndi kuzizira kufika pansi pa 150°C kapena chapompo. Apa zonse zinalipo. Haidrojeni anachokera ku chinyezi cha m'chikutiro cha marodi ndi ku mafuta aja. Moto wa rodi umaswa madzi ndi mafuta, haidrojeni n'kusungunuka m'chithaphwi, ndipo chikamaundana iye amayenda m'kati mwa chitsulo kukasonkhana pamene pali kukokana kwambiri, makamaka m'mphepete mwa mzere ndi pansi pake. Kuyendako kumatenga nthawi, ndiye kuchedwa kwa mng'alu kuja. Kukokana nako kunali kwakukulu, popeza mphete yowotchereredwa kuzungulira m'bowo la puleti ilibe kothawira chowotcherera chikamafupika pozizira.

Za marodi ndinenepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amakhulupirira nambala ya pa paketi kuposa mmene paketiyo yasungidwira. E7018 ndi rodi ya haidrojeni wochepa pokhapokha ikakhala youma. Chikutiro chake chimamwa chinyezi cha mumpweya. Malamulo a ku America a ntchito yowotcherera, otchedwa AWS D1.1, amati paketi ikatsegulidwa marodi asungidwe mu uvuni pa 120°C kapena kupitirira, ndipo E7018 wamba isakhale panja kupitirira maola anayi. Ikapitirira, iphikidwenso kwa maola osachepera awiri pakati pa 260°C ndi 430°C. Ya pa shelefu ija inali E7018 pa dzina lokha. Ndipo E6013 ya mzere woyamba inaika haidrojeni pamalo oipitsitsa, pansi penipeni, pomwe mzere ndi waung'ono ndipo umazizira msanga kuposa ina yonse.

Mkangano wa rodi

Pokonza dongosolo latsopano, panabuka maganizo awiri amene ndinawakana, ndipo onse amamveka anzeru.

Oyamba anali a eni makina: poti 4140 ndi chitsulo champhamvu, tigwiritse rodi yamphamvu ngati E11018, imene mphamvu yake yokana kukokedwa imafika cha pa 760 MPa. Koma polumikiza pamenepa pakukumana 4140 ndi S355, ndipo sipangapose mphamvu ya mbali yofookayo. E7018, ya pafupifupi 490 MPa, ikufanana kale ndi puleti. Rodi yamphamvu kwambiri ikanabweretsa chowotcherera chouma, chokana kutamuka, chokankhira kukokana konse ku HAZ, ndiponso chotha kung'aluka chokha ndi haidrojeni. Chowotcherera chofewerapo chimagonja pang'ono pozizira, ndipo kugonjako kumapumitsa chitsulo cha m'mbali.

Apa m'pamene pamasokonekera ambiri. Mphamvu yokana kukokedwa, kuuma kokana kukandika, kutamuka chitsulo chisanaduke, ndi kupirira kumenyedwa pali kale kachilema, ndi zinthu zosiyana, ndipo kawirikawiri mukakweza ziwiri zoyambazo ziwiri zotsalazo zimatsika. Kupirira kumayezedwa ndi mayeso a Charpy: kachitsulo ka mamilimita 10 ndi 10 ndi 55, kochekedwa kamphako ka mamilimita 2, kamamenyedwa ndi nyundo yolendewera, n'kuona mphamvu imene kameza pothyoka. Chitsulo chomwecho chimatha kupirira bwino kukatentha n'kuthyoka mwadzidzidzi kukazizira. Dziko linaphunzira zimenezi mowawa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene sitima zowotchereredwa za ku America zinayamba kung'aluka m'madzi ozizira. Mu Januwale 1943 sitima ya mafuta yotchedwa Schenectady inathyoka pakati ili chiimire padoko ku Portland, Oregon. Kafukufuku wa Constance Tipper ku Cambridge anathandiza kusonyeza kuti gwero lalikulu linali chitsulo chotaya kupirira chikazizira. Mkono wa makina okumba umamenyedwa tsiku lonse, choncho kupirira n'kofunika kuposa nambala yaikulu pa paketi.

Maganizo achiwiri anali a amisiri ena: tingogwiritsa rodi ya stainless, 309 kapena 312, imene amati imagwira chilichonse. Muli choonadi m'menemo. Chowotcherera cha rodi yotere, chomwe mbali yaikulu chimakhala austenite, chimasunga haidrojeni m'kati mwake osamupereka msanga ku HAZ, ndiponso chimatamuka. Pa ntchito ya mwadzidzidzi kutali ndi zida, ine ndemwe ndingaiganizire. Koma sichifewetsa HAZ ngakhale pang'ono. Martensite amakhalapobe pansi pake. Chimavutanso kuyeza ndi maginito, ndipo sichigwirizana bwino ndi kuphika kochotsa kukokana kumene tinkafuna kuchita pamapeto. Tinali ndi zida ndi nthawi, panalibe chifukwa chobisira vuto.

Mmene tinakonzera

Mphete zonse ziwiri zinachotsedwa. Kungogalayinda mng'alu wooneka n'kudzaza kukanasiya timing'alu tobisika pansi pa mzere wonse. Tinachotsa chowotcherera chakale ndi HAZ yake mpaka tupa itayamba kudya paliponse, n'kuyezanso ndi maginito pa mphete ndi m'mphepete mwa mabowo. Mafuta, penti ndi dzimbiri zinachotsedwa mpaka chitsulo chitawala.

Kutenthetsa tinakuika pa 300°C, pogwiritsa mabulangete a magetsi, osati lawi la gasi loyendetsa ndi dzanja, lomwe limatenthetsa khungu m'kati muli mozizira. Tinkayeza mamilimita 75 kuchokera pa mfundo, mbali zonse, ndi kuseri komwe, titadikira kuti kutentha kulowerere. Choko chosungunuka pa kutentha kodziwika chimakwanira pa ntchito imeneyi, bola osachipaka pamalo owotcherera. Nambala ya 300 sinangotoledwa: 4140 imayamba kusanduka martensite ikazizira kufika pamwamba pang'ono chabe pa 300°C, ndiye kuisunga chapompo kumachedwetsa kuzizira, kumapatsa austenite mpata wosanduka bainite, kaumbidwe kena kopirira kuposa martensite, ndipo haidrojeni amapeza nthawi yotuluka. Timfundo togwirizira tinaikidwa chitsulo chitatentha kale, tataliko, ndi rodi yomweyo.

Marodi anali E7018 a H4, ndiye kuti osapitirira mamililita 4 a haidrojeni pa magalamu 100 a chowotcherera, ochokera m'paketi yomata, otengedwa mu uvuni ochepaochepa. Tinayamba ndi kukuta nkhope ya mphete ndi mizere yopyapyala yosanjikizana, kuti mzere uliwonse ufewetse HAZ ya unzake wapansi, kenako n'kulumikiza ndi puleti. Mizere inali yowongoka, yosagwedeza dzanja kwambiri, moto waufupi, kuyenda mosinthana mbali kuti mphete isakokere kumodzi. Mzere womaliza sunathere pa 4140 koma pamwamba pa chowotcherera chinzake. Pakati pa mizere kutentha sikunaloledwe kutsika pansi pa 300°C, ngakhale pa nthawi yopuma. Ntchitoyi anaigwira amisiri omwe aja, ndipo mizere yawo inali yokongola monga poyamba.

Mmodzi mwa othandiza anafunsa ngati sikukanakhala kwapafupi kungokweza ma ampere kuti chitsulo chitenthe chokha. Kutentha kolowa kumawerengedwa motere: ma volt kuchulukitsa ndi ma ampere ndi 60, kugawa ndi liwiro la mamilimita pa mphindi, kugawanso ndi 1000, yankho mu kJ pa milimita. Kukakwera, kuzizira kumachedwadi. Koma HAZ imakula, tinjere ta chitsulo pafupi ndi mzere timakula, kupirira kumatsika, ndipo kaboni wochuluka wa mphete amasungunukira m'chowotcherera. Kutenthetsa kumachedwetsa kuzizira popanda zoipa zonsezi.

Rodi yomaliza itazima, chitsulo sichinasiyidwe kuti chizizire. Chinasungidwa pa kutentha komweko kwa maola atatu kuti haidrojeni atuluke, kenako tinakwera kupita ku kuphika kochotsa kukokana. Lamulo lodziwika ndi ola limodzi pa mamilimita 25 alionse, choncho apa anali maola awiri, kukwera kosapitirira 110°C pa ola. Pa kutentha penipenipo ndi pamene chikalata chija chinathandiza kachiwiri. Zitsulo zambiri zimaphikidwa pakati pa 600°C ndi 650°C, koma mphetezi zinafewetsedwa ku fakitale pa 620°C, ndipo kupitirira pamenepo kukanazifewetsa zonse, n'kutaya kuuma kumene zinagulidwira. Tinaima pakati pa 580°C ndi 590°C. Pa kutenthaku martensite amatulutsa kaboni wake m'timadontho ta carbide, kuuma kumatsika, kupirira kumabwerera, kukokana kumamasuka. Kutsika kwambiri nako sikwabwino: martensite wofewetsedwa pakati pa 250°C ndi 400°C amadziwika kuti amataya kupirira, ndiye kusunga pa 300°C kokha sikungalowe m'malo mwa kuphikaku. Mapuleti a S355 amapirira kutentha kotere popanda vuto. Akanakhala mapuleti oumitsidwa ngati S690, nkhani ikanafunika kuiganiziranso.

Chitsulo chinazizira chili chofunda mabulangete. Mabowo anasemedwa komaliza pambuyo pa zonsezi, popeza kusema kaye kukanatayika ndi kusuntha kwa chitsulo pa moto.

Zotsatira ndi malangizo kwa eni makina

Kuyeza komaliza tinakuchita patadutsa maola 48 chitsulo chizizirire. AWS D1.1 imalamula kudikira kotere pa zitsulo zina zamphamvu zoumitsidwa monga A514, ndipo pa 4140 ine ndimatsata zomwezo ngakhale palibe wondikakamiza. Maginito sanasonyeze kanthu, ultrasonic, yoyeza m'kati mwa chitsulo ndi mafunde a phokoso, nayo sinapeze mng'alu pansi pa mzere. Kachidutswa koyesera, kamene kanawotchereredwa ndi kuphikidwa pamodzi ndi mkonowo, kanasonyeza HAZ yotsika pansi pa 350 HV, ndipo thupi la mphete linali likadali pafupi ndi kuuma kwake koyamba.

Kwa eni makina ndinalemba zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulo chilichonse chopita kwa wowotcherera chizipita ndi dzina lake litalembedwa pa icho. Chikasowa chikalata, chiyesedwe: pa galayinda, chitsulo cha kaboni wambiri chimatulutsa nthethe zophulikaphulika kuposa chitsulo wamba, ndipo kamzere koyesera pa kachidutswa kozizira, kakayesedwa ndi tupa m'mbali mwake, kamaulula ngati chitsulocho chimauma. Mayesowa sangakuuzeni kuti ndi 4140 kapena 4340, koma amakwanira kukuletsani kuyamba pa chitsulo chozizira.

Chachiwiri chikukhudza kapangidwe. Mphete yowotcherera siyenera kukhala ya 4140. Ikhale ya chitsulo chosavuta ngati S355, ndipo m'kati mwake mulowetsedwe bushi youmitsidwa yochita kukhomera, imene ikadyeka imatulutsidwa n'kuikamo ina popanda kuyatsa moto. Mabowo ena a mkono womwewo ayamba kale kudyeka, ndipo ndinalangiza kuti akonzedwe mwanjira imeneyi.